Ku Washington kutalika kwa nyumba amayeza ndi msewu

Anthu ambiri amene adafikako ku Washington, likulu la dziko la United States, amabwera ndi nkhani yoti mumzindawu palibe nyumba imene imaloledwa kutalika kuposa nyumba ya malamulo ya Capitol. Ena amati muyezo wake ndi chipilala cha Washington Monument. Zonsezi nzongomva. Lamulo limayang'ana kukula kwa msewu umene nyumbayo yayang'anizana nawo.

Nkhaniyi idayamba mu 1894, pamene pa Q Street padamangidwa nyumba yogonamo anthu yotchedwa Cairo, yotalika mamita 50. Oyandikana nayo adadandaula kuti yawatchinga dzuwa ndi mphepo, koma mantha aakulu adali a moto. Makwerero ndi mapaipi a ozimitsa moto a nthawiyo sakadafika pamwamba pake. Aphungu a Congress adakhazikitsa lamulo mu 1899 nkulikonzanso mu 1910, ndipo la 1910 ndilo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Masamu ake ndi osavuta. Mumsewu wa malonda, yezani kukula kwa msewuwo, onjezerani mamita 6, mwapeza malire a nyumba yanu, bola asapitirire mamita pafupifupi 40. M'misewu ya nyumba zogona malire ndi mamita pafupifupi 27. Mbali ya kumpoto ya Pennsylvania Avenue, kuyambira pa 1st Street kukafika pa 15th Street, ndiyo yokha idapatsidwa mamita 49. Nchifukwa chake mukaima pa K Street mumaona nyumba zamaofesi zitandandana, madenga ake ali pamzere umodzi ngati adazimeta ndi lumo limodzi.

Nanga zotalika zija zidalowa bwanji? Chipilala cha Washington Monument, cha mamita 169, chidatha kumangidwa mu 1884, lamulo lisadabadwe. Nyumba ya Old Post Office, yomwe nsanja yake ndi ya mamita 96, nayonso idamangidwa cha m'ma 1890. Lamulo silidagwetse zomwe lidazipeza zili chilili.

Koma pali zina zomwe lamulolo lidazisiyira khomo dala: nsanja zosongoka za matchalitchi, nsanja za mizikiti, madenga ozungulira, machumuni, matanki a madzi ozimitsira moto ndi tizipinda ta padenga tosungira makina a chikepe. Izi zikhoza kupitirira malire akuluakulu a mzinda akavomereza, malinga zikhale zosayaka moto ndipo musakhale munthu. Mfundo yonse yagona pamenepa. Opanga lamulo sankadana ndi chinthu chachitali, ankaopa munthu wotsekeredwa pamwamba pomwe makwerero safika. Belu likapsa palibe maliro. Motero tchalitchi cha Basilica of the National Shrine of the Immaculate Conception chili ndi nsanja ya mamita 100, ndipo mlongoti wa wailesi wa Hughes Memorial Tower pa Georgia Avenue ndi wa mamita 232, kuposa chipilala chomwe anthu amati ndicho muyezo.

Ife ojambula mapulani tikaona khomo lotere sitichedwa kulowapo. Nyumba ya One Franklin Square idafika mamita 64 chifukwa cha nsanja ziwiri zokongoletsa zomwe zili pamwamba pake. Ineyo sindiona cholakwika, chifukwa tinsanja totere ndito timapatsa mzinda nkhope.

Chomwe chimandivuta ndi mtengo wake. Ozimitsa moto a lero saopanso nyumba zazitali, koma malire akadali pomwepo, malo omangapo pakati pa mzinda akuchepa ndipo lendi ndi yokwera. Wofuna nyumba yosanjikizana kwambiri amangowoloka mtsinje wa Potomac kukamanga ku Rosslyn, m'chigawo cha Virginia, komwe lamuloli silifika. Komabe anthu ambiri a ku Washington amaukonda mzinda wawo momwe ulili, wowala ndi wopita mphepo, ndipo nkhani yokweza malire itabuka mu 2013, khonsolo ya mzindawo idakana. Mu 2014 Congress idangosintha pang'ono: idalola kuti m'chipinda cha padenga muzikhala anthu, bola chikhale chosanjika kamodzi kokha ndipo chisapitirire mamita 6.