Linux siithyola password ya pa flash

Pali nkhani yomwe yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri yoti ukaiwala password ya flash ungoilowetsa pa kompyuta ya Linux basi mafayilo onse aoneka. Ayi ndithu, sizili choncho.

Chomwe chinasokoneza anthu ndi ichi: password yolowera mu Windows ija payokha siibisa mafayilo, ndiye munthu akayatsa kompyuta ndi Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, amaona zonse za mu hard disk nkumaganiza kuti Linux imatsegula chilichonse. Koma flash yotsekedwa ndi BitLocker To Go, pulogalamu yotsekera ma flash yomwe inabwera ndi Windows 7 mu 2009, ndi nkhani ina, data yonse imasokonezedwa ndi njira yobisira data yotchedwa AES ndipo popanda kiyi zomwe zilimo ndi zinyalala zosawerengeka, kaya muli pa Linux kaya pa Mac.

Komanso zoti Linux singatsegule n'komwe flash yotereyi nazonso ndi bodza. Kuyambira pa cryptsetup 2.3 ya mu 2020, pulogalamu ya pa Linux yotsegulira ma disk otsekedwa, mumangolemba mu terminal sudo cryptsetup bitlkOpen /dev/sdb1 flash, ikufunsani password, mukalemba yolondola mulembe sudo mount /dev/mapper/flash /mnt mwamaliza. Yambani mwalemba lsblk kuti muone ngati dzina la flash yanu ndi sdb1 di, zimasiyana. Pa Linux yakale kuli pulogalamu ya dislocker yogwira ntchito yomweyo.

Password ikakusowani chotsala ndi recovery key, kiyi ya manambala 48 yomwe BitLocker imapereka potseka flash, ifufuzeni mu akaunti yanu ya Microsoft kapena pa pepala lomwe munapulinta. Ndipo chonde kompyuta ikalephera kuiwerenga musathamangire kupanga format, pamenepo ndiye zonse zapita.