Mutu wa kasitima ukamaima panjira, musathamangire oyilo

Ambiri amene amandibweretsera mitu ya tisitima tawo tamagetsi amafika atagamula kale kuti mota yafa, ndipo amakhala atathira kale oyilo paliponse pamene anaona kabowo. Zimenezi zandikwana. Mota ya kasitima ka HO kapena OO, omwe ndi maina a masayizi a tisitima toseweretsa timeneti, siifa chisawawa. Kawirikawiri magetsi ndiwo amakhala akulephera kuifika, pakuti amachokera m'njanji, kulowa m'mawilo, kenako kudzera pa tizitsulo topyapyala tokhudza kuseri kwa mawilowo, ndipo litsiro lochepa pamalo alionse mwa amenewa ndi lokwanira kudula mavoti 12 amene mota ikudalira.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, onetsetsani pamene mutuwo ukuimira. Ngati ukuima malo amodzimodzi ulendo uliwonse, mlandu uli ndi njanji: mwina yada, mwina tizitsulo tolumikiza njanji takhwepa, kapenanso malowo ali kutali kwambiri ndi pamene mawaya akulowera. Pamphambano za njanji zimene pakati pake ndi papulasitiki, monga za Peco Insulfrog, mitu yaifupi ya mawilo anayi imaima ngakhale ili bwinobwino, makamaka ikamayenda pang'onopang'ono, chifukwa wilo limodzi likaponda pulasitiki, lotsala la mbali imeneyo ndilo lokha likutenga magetsi. Koma ngati ukuima paliponse pamene mutu wina ukudutsa popanda vuto, tembenuzani mutuwo muone mawilo, ndipo mudzapeza litsiro lakuda litakanirira.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi kusiyana kwa maimidwe awiri. Mutu umene waima uli chete, nyali zitazima, wasowa magetsi, ndipo palibe chimene chikuwonongeka. Umene waima nyali zikuyaka, mkati mukumveka kulira, ukulandira magetsi koma china chake chagwira magiya, ndipo pamenepo zimitsani nthawi yomweyo. Mota imene ikulephera kuzungulira imakoka magetsi ambiri kuposa pamene ikuyenda, tiwaya ta mkati timatentha, utoto wotikuta nkupsa. Mukamva kafungo kowauka, dziwani kuti mwachedwa kale.

Nkhani imene imandipwetekabe ndi ya bambo wina amene anandibweretsera mutu wa m'zaka za m'ma 1970, umene malemu bambo awo anawasiyira. Unakhala m'katoni kwa zaka zambiri mpaka girisi wa m'magiya anauma gwa ngati phula. Atauika panjanji unangolira osasuntha, ndiye iwo anapotoza kontrola mpaka kumapeto nkumaukankha ndi dzanja. Zitakanika anautengera kwa mnyamata wokonza mafoni, amene anaupopera mafuta omasulira mabawuti adzimbiri, kenako anaulumikiza ku chaja ya laputopu ya mavoti 19 kuti "udzuke". Mota inapserera. Zipangizo za mtundu umenewo anasiya kupanga kalekale, ndipo ntchito imene inkafunika poyamba inali yongokokota girisi wakale ndi kamtengo kotokosera mano nkuikamo watsopano. Kudziwa kuwotcherera waya sikupanga munthu kukhala katswiri wa tisitima, ndipo aliyense amene akuyamba ndi kuwonjezera mavoti musamusiyire katundu wanu.

Popukuta njanji gwiritsani ntchito kansalu kosathothoka ulusi konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Sandipepala ayi, chifukwa timizere timene amasiya ndimo litsiro limakhazikika, ndipo pakangopita masabata ochepa njanji imada kuposa kale. Sitiliwulu ndiye woipitsitsa, pakuti maginito a mota amakokera tiulusi take mkati. Mawilo amayera mukayala kansaluko panjanji, nkuika mawilo ena pamwamba pake ena akukhudzabe chitsulo, kenako nkuwazunguza ndi magetsi ochepa mutaugwira mutuwo. Oyilo akhale wopangidwira tizipangizo totere, wosadya pulasitiki, ndipo kadontho kamene kangakhale kunsonga ya singano ndi kokwanira pamalo amodzi. Wochuluka amayenderera mpaka pamawilo ndi pamabulashi a mota, nkumakola fumbi. Amene mumayala njanji pakapeti musadabwe kupeza tsitsi ndi ubweya zitakulunga ekiselo.

Mutu ukamatsimphina ndi kugogoda kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa wilo, kawirikawiri giya ya pulasitiki ya pa ekiselo imakhala itang'aluka, ndipo mankhwala ake ndi kusintha basi. Eni ake a DCC, njira ya digito yoyendetsera tisitima potumiza malamulo kudzera m'njanji, vuto la litsiro limakuvutani koposa, chifukwa magetsi akaduka ngakhale kanthawi kosaoneka, decoder, kachipangizo ka m'mutu kolandira malamulowo, imayambiranso ndipo phokoso la injini limadukiza. Capacitor yosunga magetsi imathandiza kudutsa pamphambano, koma musaiyese chilolezo chosiyira kupukuta. Ndipo mutu wakale wopanda decoder musausiye utaima panjanji ya DCC, chifukwa mota yake imatentha ngakhale isakuyenda.