Bwana, gulupu ya WhatsApp ija si zimene ndikunena

Ndatopa nalo yankho limeneli. Ndikangotchula Yammer kapena Slack, mapulogalamu olumikizirana pantchito, pamsonkhano wa akuluakulu a pantchito, wina amakweza dzanja: "Achimwene, zimenezo tili nazo kale, tili ndi gulupu ya WhatsApp." Ayi, n'zosiyana.

Yammer inayamba mu 2008 motengera Twitter: uthenga waufupi, koma owerenga ndi anthu a kampani imodzi okha, olowa ndi imelo ya kuntchito. Microsoft inaigula mu 2012 pamtengo wa madola 1.2 biliyoni, ndipo pano imatchedwa Viva Engage. Phindu lake ndi loti funso likafunsidwa poyera limayankhidwa kamodzi, yankholo n'kukhala pompo, wolembedwa ntchito chaka chamawa n'kulipeza pongofufuza. Imelo imathera kwa anthu awiri. Gulupu ya WhatsApp ili pa foni ya munthu, nambala ndi yake, bando akugula yekha. Tsiku lomwe adzasiye ntchito adzanyamuka nazo. Ngakhale alipo, kapezeni chidziwitso cha mwezi watha pakati pa mavesi a m'mawa, mauthenga a maliro ndi "Amen" makumi atatu.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo n'china. Ndinathandiza bungwe lina, la maofesi m'maboma angapo, kukhazikitsa pulogalamu yotereyi. Poyamba zinkasangalatsa. Dalaivala amalemba kuti mlatho wakuti madzi asefukira, anzake n'kusintha njira asananyamuke. Kenako kalaliki wina wachitsikana analemba mizere iwiri yokha, mwaulemu ndithu, kuti fomu yatsopano ya ndalama za ulendo ikuwonkhetsa molakwika. Bwana wamkulu anayankha pomwepo, aliyense akuona: "Nkhani zoterezi zizidzera kwa supavaiza wako." Basi. Kuyambira tsiku limenelo kunangoti zii. Anthu anabwerera ku manong'onong'o awo a pafoni, pa pulogalamupo n'kumangotsala zithunzi za misonkhano ndi mafuno abwino a tsiku lobadwa. Fomu ija inakonzedwa ofufuza mabuku a chuma atafika, ndalama zitasokonekera kale. Mlandu ndimadzipatsa ndekha. Ndinaphunzitsa aliyense podina, koma bwanayo sindinakhale naye pansi n'kumuuza kuti pamalo otere wamng'ono amalankhula pamaso pa wamkulu, ndipo yankho lake loyamba onse amalisunga mumtima. Ndinkaopa kuoneka wamwano.

Tsono chenjerani ndi anyamata oyenda ndi laputopu omwe amalonjeza kusintha ofesi yanu ndi maphunziro a tsiku limodzi kunyanja. Alawansi mulandira, satifiketi mulandira. Koma afunseni: akaunti yaikulu ili m'dzina la ndani? Ndaonapo bungwe lomwe pasiwedi yake inali ndi munthu wakunja, foni yake osapezekanso. Afunseninso kuti mauthenga anu mudzawatulutsa bwanji pulogalamuyo ikadzatha, poti zimatha ndithu: mu 2024 Meta, kampani ya Facebook, inalengeza kuti itseka Workplace, pulogalamu yake yofanana ndi Yammer, ndipo makampani omwe ankaidalira anayenera kusamuka ndi katundu wawo yense.

Za malipiro a munthu, matenda ake kapena chilango chake musalembe pa pulogalamu yotereyi, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo kuno kwathu. Ndipo musadikire kuti mkulu wa zachuma apume pantchito ndiye muyambe kufunsa komwe ankasunga zinthu. Ambiri amandiimbira foni nthawi imeneyo, mwiniwake ali kumudzi, netiweki ikuvuta.