Mliri wa makoswe umene unaimitsa mafakitale a thonje ku Bombay

Mu September 1896, dokotala wina wa mumzinda wa Bombay ku India, umene lero umatchedwa Mumbai, dzina lake Acacio Viegas, anayamba kulandira odwala otentha thupi kwambiri amene anali ndi zotupa zonga mwanabere m'khwapa ndi m'mphechepeche. Odwalawo ankachokera ku Mandvi, dera loyandikana ndi doko, kumene kunali nyumba zikuluzikulu zosungiramo tirigu ndi mpunga. Viegas analengeza kuti umenewu unali mliri wa makoswe, womwe zaka ziwiri m'mbuyomo unali utasakaza anthu ku Hong Kong, kumene Alexandre Yersin anapeza kachilombo koyambitsa matendawa mu 1894.

Sizinangochitika mwangozi kuti mliriwu uyambire pafupi ndi doko. Sitima zakale zoyendera mphepo zinkatha miyezi panyanja, pamene sitima zoyendera malasha zinkafika msanga, makoswe odwala adakali m'kati mwa matumba a chakudya. Njanji nazo zinkanyamula matumba omwewo kupita kumtunda. Chomwe anthu sankachidziwa pa nthawiyo n'chakuti khoswe akafa, utitiri umene unali pa iye umasamukira pa munthu. Zimenezi anadzazionetsa Paul-Louis Simond ku Karachi mu 1898, ndipo panapita zaka akatswiri anzake asanamukhulupirire.

Bombay unali mzinda wa anthu oposa 800,000, ndipo chuma chake chinkadalira mafakitale opota thonje ndi kuluka nsalu, amene anayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1850. Antchito ambiri anali ochokera kumidzi, makamaka ku Ratnagiri ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja a Konkan, ndipo ankakhala m'midadada ya nyumba zotchedwa chawl. M'chipinda chimodzi chopanda mpweya wokwanira munkagona banja lonse pamodzi ndi alendo olipira malo ogona, mpunga uli pakona, mbaula ili pakona ina, madzi ndi chimbudzi zili zogawana ndi mabanja ena ambirimbiri. Khoswe sakanafuna malo abwino kuposa amenewa.

Boma la atsamunda a ku Britain linachita mantha, makamaka poopa kuti maiko a ku Ulaya atseka madoko awo kuti katundu wa ku India asalowe. Mu February 1897 linakhazikitsa lamulo la Epidemic Diseases Act, lomwe linapatsa akuluakulu mphamvu zolowa m'nyumba za anthu, kutengera odwala kuchipatala mokakamiza, kusasula madenga, kutentha zofunda ndi kuvula apaulendo m'masiteshoni a sitima kuti awapime. Anthu ankaopa chipatala kuposa matendawo, poti ambiri olowamo sankatulukamo amoyo, choncho mabanja ankabisa odwala awo. Mumzinda wina wa ku India wa Poona, kumene asilikali ankachita chipikisheni nyumba ndi nyumba, mkulu woyang'anira ntchitoyi, W. C. Rand, anaomberedwa ndi anyamata apachibale a banja la Chapekar mu June 1897, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa.

Gawo limene ine ndimaliona lofunika kwambiri, ngakhale silitchulidwa kawirikawiri, ndi zimene zinachitika pa zipata za mafakitale. Anthu mazanamazana a zikwi anathawa mumzinda kubwerera kwawo, makina n'kutsala opanda owayendetsa. Kale eni mafakitale ankalipira pamwezi, ndipo ankachedwetsa dala malipiro kuti wantchito asachoke. Tsopano zinthu zinatembenuka: akapitawo ankaima m'misewu m'mamawa n'kumapikisana potchula malipiro okwera kuti akope anthu ochepa otsalawo, ndipo antchito anakakamiza mabwana kuti aziwalipira tsiku ndi tsiku. Mwayi umenewu sunakhalitse, chifukwa njala ya kumidzi inabweza anthu m'tauni ndipo mabwana anabwezeretsa dongosolo lakale, koma amalonda anali ataona ndi maso awo kuti nyumba ya wantchito ikhoza kutseketsa fakitale. Mu 1898 kunakhazikitsidwa bungwe la Bombay City Improvement Trust loti likonze mzinda. Bungweli linagwetsa nyumba zambiri kuposa zimene linamanga, kotero osauka anangopanikizana kwambiri m'madera oyandikana nawo. Katemera amene Waldemar Haffkine anapanga mumzindamo, n'kudzibaya yekha poyamba mu January 1897, anathandiza ena, komabe m'zaka makumi atatu zotsatira mliriwu unapha anthu oposa 10 miliyoni m'dziko la India.

Sitima zinaufikitsanso ku South Africa. Mu 1901 unabuka ku Cape Town, pa nthawi ya nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi, ndipo akuluakulu anasamutsa anthu akuda pafupifupi 6,000 kupita ku Uitvlugt, kumene kunadzatchedwa Ndabeni, ngakhale kuti azungu nawonso ankadwala. Mu 1904 unafika ku Johannesburg, mzinda wa migodi ya golide. Komboni imene munkakhala Amwenye ndi anthu akuda, momwe loya wachinyamata Mohandas Gandhi anathandiza kusamalira odwala, inatenthedwa yonse, ndipo anthu ake anawatengera ku Klipspruit, kutali ndi tauni, pafupi ndi malo otayirako zonyansa za m'zimbudzi. Mliri utatha, Amwenye ambiri anachokako, koma anthu akuda anatsala komweko. Gawo la Klipspruit linadzatchedwa Pimville mu 1934, ndipo lero ndi mbali ya Soweto, dzina limene aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni analimvapo.