Chifukwa chake ndalama sizisanduka msanga zipolopolo pa nkhondo ya ku Ukraine

Mu February 2023, a Jens Stoltenberg, omwe panthawiyo anali mlembi wamkulu wa NATO, mgwirizano wa chitetezo wa America, Canada ndi mayiko a ku Ulaya, anauza atolankhani ku Brussels kuti asilikali a Ukraine akuwombera zipolopolo zambiri kuposa zomwe mafakitale a mayiko a mgwirizanowu akupanga. Iwo anati boma loitanitsa zipolopolo za mizinga ikuluikulu liyenera kudikira miyezi 28, pomwe kale linkadikira miyezi 12. Apa n'kuti chaka chisanathe chiyambireni nkhondo ya Russia ndi Ukraine pa 24 February 2022. Ambiri amadabwa kuti mayiko olemera ngati America ndi Germany angasowe bwanji zipolopolo, ndalama ali nazo. Ife a ntchito yogula, kusunga ndi kutumiza katundu timadziwa kuti kupeza ndalama ndiko kumafulumira. Chovuta ndi chakuti katunduyo akhalepo, ndipo afike pamalo pake tsiku lomwe akufunika.

Tisasokoneze ndi tizipolopolo ta mfuti yonyamula m'manja. Chomwe chikusowa ndi chipolopolo cha mzinga, chomwe kukula kwake mayiko a NATO anagwirizana kuti kukhale mamilimita 155. Chimodzi chimalemera makilogalamu oposa 40, kuperewera pang'ono thumba la chimanga, ndipo chimakagwa pamtunda wa makilomita 20 kapena kuposerapo. Kuti chiwombedwe pamafunika zinthu zinayi: chigoba chachitsulo, zophulika zodzaza m'kati mwake, fyuzi yakumutu yomwe imachiphulitsa, komanso wonga wochikankha kuti chituluke mumpope wa mzinga. Chilichonse chimachokera kufakitale yakeyake. Ku America zigoba zambiri amazisula mumzinda wa Scranton ku Pennsylvania, kenaka n'kuzinyamula ulendo wa ku Iowa kukazidzaza zophulika. Zigoba zitha kuwunjikana mulu, koma wonga ukachedwa, msilikali wa ku Donbas, kummawa kwa Ukraine, palibe chomwe walandira.

Nkhondoyi isanayambe, America inkapanga zipolopolo zoterezi pafupifupi 14,000 pamwezi. Nkhondo itafika povuta, Ukraine inkawombera 6,000 kapena 7,000 patsiku, kutanthauza kuti ntchito ya mwezi wathunthu inkatha m'masiku awiri kapena atatu. Sikuti akuluakulu a asilikali anali mtulo. Soviet Union itatha mu 1991, maboma a azungu anatseka mafakitale ambiri a zida poganiza kuti nkhondo yaikulu ku Ulaya sidzabweranso. Ku Iraq ndi ku Afghanistan ankadalira ndege ndi mabomba ochepa olunjika pamalo. Ku Ukraine palibe mbali yomwe yalanda mlengalenga, choncho asilikali anakumba ngalande n'kumathirana mizinga usana ndi usiku, monga zinkachitikira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ngakhale kusowaku si kwachilendo. Mu 1915 Britain inasowa zipolopolo za mizinga mpaka boma linagwedezeka, n'kukhazikitsa unduna wapadera wa zida womwe anaupereka kwa a David Lloyd George.

Ukraine inalinso ndi vuto lakelake. Mizinga yomwe inatsala nayo kuchokera ku Soviet Union imadya zipolopolo za mamilimita 152 ndi 122. Kusiyana kwa mamilimita atatu okha kumakwanira kuti chipolopolo cha NATO chisalowe. Nkhokwe zina zikuluzikulu, monga za ku Balakliia ndi Kalynivka, zinali zitaphulika kale mu 2017, ndipo wopanga wamkulu wa zipolopolo zamtunduwu ndi mdani yemweyo, Russia. N'chifukwa chake kuyambira mu April 2022 America inayamba kutumiza mizinga ya M777, mayiko ena n'kutsatira ndi yawo. Izi zinathandiza, koma kwa wosunga katundu ndi mutu waukulu: mizinga yamitundumitundu, iliyonse ndi zipangizo zake zosinthira ndi amakaniko ake. Mpope nawo umaperepeseka. Ukawombera zipolopolo masauzande angapo umayamba kuphonya ndipo uyenera kusinthidwa.

Pomwe pagona nkhani kwenikweni ndi pa mankhwala ophulika. Kusula chitsulo mafakitale ambiri angaphunzire, koma fakitale ya TNT kapena wonga simangidwa paliponse. Imafuna malo aakulu kutali ndi midzi, ziphaso za chitetezo ndi zachilengedwe, komanso antchito odziwa bwino, chifukwa kulakwitsa kamodzi kumatenga miyoyo. Zonsezi zimadya zaka. America inasiya kupanga TNT m'zaka za m'ma 1980 n'kumaitanitsa kunja, makamaka kukampani ya Nitro-Chem ya ku Bydgoszcz m'dziko la Poland, yomwe mayiko a ku Ulaya akudaliranso. Kontrakiti yomanga fakitale yatsopano ya TNT ku Kentucky inasainidwa mu November 2024, nkhondo ili m'chaka chachitatu. Wonga nawo umapangidwa kuchokera ku ulusi waufupi wotsalira pambewu za thonje, ndipo wambiri mwa ulusiwu umagulidwa ku China, dziko lomwe ndi bwenzi la Russia. Asidi wosakanizira amachokera ku amoniya, yemweyo wopangira feteleza, ndipo amoniya amafuna gasi, yemwe anakwera mtengo kwambiri ku Ulaya mu 2022. Pena chopinga chimakhala choseketsa. Mu 2023 kampani ya Nammo ya ku Norway inadandaula kuti ikulephera kukulitsa fakitale yake ya ku Raufoss chifukwa magetsi otsala m'deralo analonjezedwa kunyumba yosungiramo makompyuta a TikTok.

Ena amadzudzula makampani kuti anazengereza dala kuti mitengo ikwere. Mitengo inakweradi: mu October 2023 a Rob Bauer, omwe panthawiyo anali wapampando wa komiti ya asilikali ku NATO, anati chipolopolo chomwe chinkagulidwa 2,000 euro chafika pa 8,000 euro. Koma ine mlandu waukulu ndimauika pa maboma. Kampani singamange fakitale yodya mamiliyoni ambirimbiri chifukwa cha mawu apamsonkhano. Imafuna kontrakiti ya zaka zisanu kapena khumi, yotsimikiza kuti nkhondo ikatha mawa katundu wake adzagulidwabe. M'chaka choyamba maboma ambiri ankangotapa m'nkhokwe zawo n'kumalankhula, osasaina. Ndipo ogula akachuluka pomwe katundu ndi yemweyo, ndalama zowonjezera zimangokweza mtengo.

Zotsatira zake zinaoneka poyera. Mu March 2023 bungwe la European Union linalonjeza zipolopolo 1 miliyoni m'miyezi 12, koma nthawiyo itakwana linali litapereka pafupifupi theka, ndipo lonjezolo linadzakwana chakumapeto kwa 2024. Mu July 2023 America inatumiza mabomba omwazika, aja amabalalitsa timabomba tambirimbiri, ndipo a Joe Biden anavomera kuti chifukwa chake chinali kuchepa kwa zipolopolo wamba. Mabombawa ndi oletsedwa ndi pangano la mu 2008 lomwe Malawi ndi Zambia anasaina, ngakhale America, Russia ndi Ukraine sali m'panganoli. Kenaka nyumba ya malamulo ya ku America inakhala miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi ikukangana pa thandizo la $61 biliyoni, lomwe linavomerezedwa mu April 2024. M'miyezi imeneyo asilikali a Ukraine ankachita kuwerenga zipolopolo asanawombe, ndipo mu February 2024 anachoka mumzinda wa Avdiivka. Mu April 2024 a Christopher Cavoli, omwe anali mkulu wa asilikali a America ku Ulaya, anauza aphungu kuti pa chipolopolo chimodzi cha Ukraine, Russia ikuwombera zisanu.

Yemwe anachita zanzeru ndi mtsogoleri wa dziko la Czech, a Petr Pavel, omwe ndi msilikali wopuma. Pamsonkhano wa ku Munich mu February 2024 anati dziko lawo lapeza zipolopolo 800,000 zogulika kunja kwa Ulaya, chongofunika ndi osonkha ndalama. Ogulitsa ambiri sanafune kutchulidwa poopa kukwiyitsa Russia. Kusakasaka kumeneku kunakweza msika wa zipolopolo padziko lonse, kuphatikizapo kuno kumwera kwa Africa, komwe kampani ya Rheinmetall Denel Munition ya ku South Africa imapanga za mamilimita 155, ngakhale malamulo a dzikolo amafuna chilolezo cha boma zida zisanatuluke.

Russia nayo sinapulumuke. Mu May 2023 a Yevgeny Prigozhin, omwe anali mtsogoleri wa Wagner, gulu la asilikali aganyu lomenyera Russia, anajambulitsa kanema ali pakati pa mitembo ya anyamata awo kufupi ndi Bakhmut, akutukwana akuluakulu a asilikali chifukwa chowamana zipolopolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mafakitale ambiri a zida ku Russia ndi a boma, ndipo akalamulidwa kugwira ntchito usana ndi usiku palibe wofunsa za phindu. Mu 2024 a NATO ankayerekeza kuti Russia ikupanga zipolopolo pafupifupi 3 miliyoni pachaka. Zinaperewerabe, ndipo chapanthawi yomwe a Vladimir Putin anakumana ndi a Kim Jong Un mu September 2023, makontena a zipolopolo za North Korea anayamba kulowa m'dzikolo. Asilikali amadandaula kuti zina ndi zakale ndipo zimaphonya, koma ndi za mamilimita 152, zolowa mumzinga popanda kusintha kanthu.

Kusowaku n'komwe kunakankhira Ukraine ku madroni ang'onoang'ono onyamula bomba, omwe amasonkhanitsidwa m'mashedi pamtengo wa madola mazana ochepa. Satenga malo a mzinga kotheratu, chifukwa mphepo, chifunga ndi zida zosokoneza mauthenga zimawalepheretsa, koma lero ndi omwe akuvulaza ambiri kumalo omenyanirana. Mafakitale a zipolopolo nawo ayamba kubala: America inafika pafupifupi 40,000 pamwezi chakumapeto kwa 2024, ndipo kampani ya Rheinmetall inatsegula fakitale yatsopano ku Unterlüß m'dziko la Germany mu August 2025.

Kusowa tsopano kwasamukira kumwamba. Mzinga umodzi wouluka wa Patriot, wogwetsera ndege ndi mizinga youluka ya adani, umagulidwa pafupifupi $4 miliyoni, ndipo kampani ya Lockheed Martin inapanga oposa 500 okha m'chaka chonse cha 2024, oti agawane mayiko onse ogwiritsa ntchito chidachi. Russia imapanga yokha madroni a mtundu wa Shahed ku Alabuga, iliyonse pamtengo wa madola masauzande makumi angapo, ndipo usiku umodzi wokha mu September 2025 inatumiza oposa 800.