Makoma a Alhambra ndi mbalame za Escher

Mu 2026 pakukwana zaka 90 chikhalireni pansi Maurits Cornelis Escher, wojambula wa ku Netherlands, m'zipinda za Alhambra, nyumba yachifumu yakale ya mafumu achisilamu ku Granada, m'dziko la Spain, kukopera mapatani a matailosi a pamakoma. Mpaka lero anthu amakokanabe: kodi mbalame zake zosanduka nsomba zija zinatuluka m'mutu mwake, kapena anazitola pamakomawo?

Ulendo wake woyamba ku Alhambra unali wa mu 1922. Anagoma nazo, koma kenako anakakhazikika ku Italy, kumene kwa zaka zoposa khumi ankajambula midzi ya m'mapiri ndi ya m'mbali mwa nyanja monga Atrani. Anachokako mu 1935 atatopa ndi ulamuliro wa Mussolini, n'kupita ku Switzerland, dziko limene silinamusangalatse m'pang'ono pomwe.

Pamene panatembenukira zinthu ndi mu 1936. Escher analembera kampani ya sitima zonyamula katundu ya Adria kuti imuyendetse pa nyanja ya Mediterranean, iye alipire ndi zithunzi m'malo mwa ndalama. Kampaniyo inavomera. M'mwezi wa May iye ndi mkazi wake Jetta anafika ku Alhambra, ndipo kwa masiku angapo onse awiri ankakopera mapataniwo ndi mitundu yake, kachidutswa ndi kachidutswa. Anaonanso mzikiti wakale wa ku Córdoba. Patangopita milungu yochepa, mu July, nkhondo yapachiweniweni inabuka ku Spain. Mu 1937, Escher atabwerera ku ulendowo, mkulu wake Berend, katswiri wa za miyala ku Leiden, anamuonetsa zolemba za akatswiri, kuphatikizapo za katswiri wa masamu George Pólya za mu 1924, zofotokoza kuti pali njira 17 zokha zobwerezera patani pamalo afulati. Chithunzi cha Metamorphosis I chinatuluka mu 1937, cha Day and Night mu 1938. Kujambula malo enieni kunangotsala pang'ono kutheratu.

Amene amati luso linali lake kale ali ndi umboni: chithunzi cha mitu isanu ndi itatu yolowerana anachisema pathabwa mu 1922, asanapondeko ku Granada. Koma mwiniwake sankabisa kuti makomawo ndiwo anamutsegula maso. Chimene ankadandaula n'chakuti amisiri achisilamuwo anangokhalira mizere ndi nyenyezi osaikamo zamoyo. Apa mawu ake ndi ofunika kuwayeza. Pabwalo lina la nyumba yomweyo pali mikango 12 yamwala yonyamula beseni la kasupe, ndipo kudenga la chipinda cha mafumu kuli zithunzi za anthu. Amisiri a matailosi ankagwira ntchito ina, yovuta mwa iyo yokha, osati kuti anapereweredwa nzeru.

Palinso mkangano wa masamu. Zimanenedwa kawirikawiri kuti njira zonse 17 zija zilipo mu Alhambra. Katswiri wa masamu Branko Grünbaum ndi anzake atawerenga mu 1986 anapeza 13; chaka chotsatira katswiri wina, Rafael Pérez-Gómez, anati zonse zilipo. Kusiyanako kumachokera pa kawerengedwe: kodi mtundu wa tailosi uwerengedwe, nanga chingwe chojambula chikadutsa pamwamba pa chinzake? Ine ndimaona kuti funsoli ndi lathu, osati la anthu amene ankadula matailosiwo ndi nyundo m'zaka za m'ma 1300, mu ulamuliro wa Yusuf I ndi Muhammad V. Iwo sankapikisana ndi mndandanda wa masamu umene unadzalembedwa zaka mazana asanu pambuyo pake.

Zojambula 137 za mapatani zimene Escher anasiya zili ndi manambala, ndipo mbiri yake inafufuzidwa bwino. Ndakatulo za Ibn Zamrak zinasemedwa pamakoma a Alhambra, dzina la mlakatuliyo likudziwika. Koma amene anadula matailosi omwe Escher ndi Jetta ankakopera aja, mbiri sinatisungire maina awo.