Masamba olosera giredi ya AP Psychology si a College Board

Ophunzira a sekondale ku America akangolemba mayeso a AP Psychology (phunziro la maganizo ndi khalidwe la munthu, la mulingo wa ku koleji) mu Meyi, mphekesera imafala yoti masamba a pa intaneti owerengera malikisi amadziwiratu giredi yawo. Ndi bodza ndithu.

Giredi, kuyambira 1 mpaka 5, imachokera ku bungwe la College Board lokha, lomwe limayendetsa mayesowa, mu Julayi. Bungweli silineneratu malikisi ofunika pa giredi iliyonse, choncho masambawo amangoyerekeza potengera mapepala akale. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mayesowa anasintha mu 2025: mafunso osankha yankho anatsika kuchoka pa 100 kufika pa 75, ndiye zakale zija zikhoza kusocheretsa mwana. Mafunso awiri olemba amachongedwa ndi aphunzitsi, pomwe pamasambawo wophunzira amadzipatsa yekha malikisi, ndipo n'kosavuta kudzikondera.